Musanakhome chikhomo choyamba: kakonzedwe ka msewu wa m'mapiri a kuno ku Mangochi

Ntchito ya misewu ndinaiyamba ndili mnyamata, ndikunyamula ndodo ya manambala ija amaimika patsogolo pa makina a saveya. Pomwe ndinkapuma n'kuti akutha kundituma ndekha ndi anyamata anayi kukalondola njira m'tchire. Pano ndimakhala kuno ku Mangochi, tsidya la mlatho, ndipo kukakhala msonkhano wa ADC, komiti ya chitukuko ya m'dera, wokhudza msewu amakonda kundiitana kuti ndikakhale nawo. Mawu amene ndimamva kumeneko sasintha chaka ndi chaka: "Ife tikufuna tala." Sindingawadzudzule. Mayi amene anachirira panjira chifukwa ambulansi inatitimira m'matope, mungamuuze chiyani? Koma tala ali ngati kuzira nyumba, amabwera zonse zitatha. Zimene zimachititsa kuti msewu wa m'phiri ukhale zaka 20 kapena ugumuke pa mvula yachiwiri zimachitika katapila asanalire n'komwe. Ndiye ndati ndilembe za gawo limenelo, kuti mafumu, a makomiti, ndi ana athu amene angomaliza kumene za uinjiniya ku MUBAS akhale ndi poyambira.

Masamu a chitunda

Mukaima pa mlatho wa Bakili Muluzi, uja tinamangiridwa ndi thandizo la Japan, n'kuyang'ana kum'mawa, vuto lonse mukuliona ndi maso. Pamene mwaimapo ndi pafupifupi mamita 480 pamwamba pa nyanja yamchere. Ku Namwera ndi kopitirira mamita 800. Pakati pake pali zitunda za Chowe, zimene aliyense amene anakwerapo minibasi yodzaza ya ku Chiponde amazidziwa ndi fungo la mabuleki. Msewu uliwonse watsopano wochoka kunyanja kupita kumtunda, kaya mukuganiza za ku Katuli kaya wodumphira mapiri kuchokera mbali ya Lungwena, uyenera kulipira ngongole yomweyo ya kukwera.

Tiyerekeze kuti mukufuna kukwera mamita 400. Ife timayesa chitunda ndi mamita amene msewu wakwera pa mamita 100 aliwonse. Ukamakwera mamita 6 pa 100, lole yodzaza chimanga imakwera ikudandaula koma imafika. Pamenepo mufunika msewu wotalika pafupifupi makilomita 6.7. Mukalola mamita 10 pa 100, mtunda utsika kufika makilomita 4, koma lole ija iyenda ndi giya yoyamba ngati ikupita kumaliro, ndipo wakabaza atsika n'kumakankha. Tsono wina akabwera ndi mapu n'kujambula mzere woongoka wa makilomita 3, mudziwe kuti akunena chitunda chopitirira mamita 13 pa 100. Umenewo si msewu wa galimoto zonyamula katundu.

N'chifukwa chake msewu wa m'phiri umakhotakhota. Anthu amati mainjiniya amatalikitsa dala kuti adyepo. Za kudya sindinganene kuti kulibe, koma makona ambiri amene mumawaona ndi masamu amenewa basi.

Msewuwu ndi wa yani?

Funsoli limaoneka lachibwana, koma likalakwika, ndalama zimatayika zambiri. Msewu woti anthu a m'midzi azifika kuchipatala ndi kumsika mvula ili mkati ndi wina, woti mathiraki ochokera ku Mandimba azidutsa usana ndi usiku ndi winanso. Kukula kwake, kuchindikala kwa miyala ya pansi, kukula kwa makona, zonse zimatsatira yankho limeneli. Ngakhale mwini wake amasiyana: misewu ikuluikulu ili m'manja mwa Roads Authority, yomwe inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2006, pomwe ing'onoing'ono ya m'midzi ndi ya khonsolo.

Werengani zodutsa. Khazikani anyamata awiri ndi kope pamphambano, masiku 7 otsatizana, ndipo tsiku la msika likhale mkati. Alembe chilichonse: njinga zakapalasa, zamoto, ngolo, oyenda pansi, ng'ombe. Mubwereze nthawi yokolola, chifukwa msewu womwe mu February umadutsa lole imodzi pa sabata, nthawi ya fodya ndi nandolo umasanduka wina. Ndipo muyang'anitsitse zolemera. Galimoto zing'onozing'ono tala sazimva n'komwe. Chimene chimapha msewu ndi kulemera kwa pa ekiselo, chitsulo chija chimalumikiza matayala a mbali ziwiri. Ife timawerengera ndi ekiselo ya matani pafupifupi 8, ndipo kulemerako kukawirikiza kawiri, kuwononga kwake kumawirikiza pafupifupi ka 16. Thiraki imodzi yopakira mopyola muyezo imaposa mazanamazana a timagalimoto ta anthu opita kunyanja pa Khirisimasi. Ngati msewu wanu ukathera kumalire, funsani msanga kuti sikelo idzakhala pati.

Mizere itatu, kenako nsapato

Pa mapu musajambule mzere umodzi. Jambulani itatu: wina wotsata msana wa phiri, wina wotsata chigwa, wina wodula m'mbali mwa phiri. Wa pamsana umauma msanga ndipo sufuna milatho yambiri, koma kawirikawiri umasiya midzi kutali. Wa m'chigwa umafika kwa anthu ndipo ndi wosakwera kwambiri, koma umadya minda yabwino ndipo umalimbana ndi mtsinje moyo wake wonse. Wa m'mbali mwa phiri ndi umene umagumuka mukaulakwitsa. Mzere wabwino nthawi zambiri umabwereka pang'ono kwa uliwonse.

Masiku ano kuli zithunzi za setilaiti, GPS ndi madroni, ndipo ndimasirira. Ntchito imene ife tinkagonera m'tchire mwezi wathunthu, mwana wa lero amaiona pa kompyuta tsiku limodzi. Koma chithunzi chojambulidwa mu September chimakuonetsani phiri louma, lopserera ndi lupsa. Phiri limene msewu wanu udzakhale nalo ndi la mu January. Choncho mzere uliwonse muuyende wapansi kawiri, kamodzi m'chilimwe, kamodzi mvula ili pakati, ndipo musayende nokha. Pemphani a mfumu akupatseni munthu wamkulu wobadwira pomwepo, makamaka woti analishapo ziweto kapena mayi amene amatola nkhuni m'phirimo.

Poyenda muziyang'ananso njira za mapazi. Anthu osenza katundu pamutu sakonda chitunda chachabechabe. Njira imene makolo anaiponda zaka zambiri kupita kunyanja kukagula nsomba imakhala kuti inapeza kale mpata wabwino wodutsira phiri. Kangapo konse mzere wathu wa makina unkathera pomwe panali kale kanjira ka anthu.

Madzi

Apa ndiye ndikhalitsapo, chifukwa misewu yonse imene ndinaiona ikufa, inaphedwa ndi madzi.

Chaka china tinkakhoma zikhomo m'munsi mwa phiri lina kuno kwathu konkuno. Unali mwezi wa October, kukutentha koti ndodo ya manambala imaotcha m'manja. Tinafika pa kakhwawa kouma, mchenga wokhawokha, koti mwana akhoza kulumpha. M'kope ndinalemba kuti apa pafunika mapaipi awiri a mamilimita 600. Pomwepo panatulukira agogo ena aakazi atasenza mtolo wa nkhuni. Anatula, n'kutiyang'ana.

"Ana inu, mukukhoma chiyani apa?"

"Tikulondola msewu, agogo."

"Apa? Apatu m'panjira pa madzi."

"Taona, agogo, ndiye tiikapo kalavati. Pa mapu athu palibe mtsinje waukulu."

"Mapu anuwo analipo chaka chimene tinakatola mbuzi zathu kumunsi uko?"

Anandigwira dzanja n'kunditengera pa mkuyu womwe unali masitepe ngati khumi kuchokera pakhwawapo. Anandilozera m'mwamba. Pamphanda ya nthambi, pamwamba pa mutu wanga, panali patakodwa mapesi a chimanga, bango ndi chigamba cha thumba la feteleza, zonse zitapindikira mbali imodzi. Madzi ndi amene anazipachika pamenepo.

Ndinalemba m'kope. Ndinakauza amene ankatiyang'anira, iwo anati nthawi yatha kale ndipo ndalama ya mlatho palibe. Apa pali kulakwa kwanga: ndinangoti chabwino bwana, osalimbikira, osalemba kalata. Mapaipi awiri aja anaikidwa. Mvula yoyamba anapirira. Yachiwiri, chitsa chinatseka kukamwa kwake, madzi anasefukira pamwamba, n'kudula msewu ngati mpeni pa mkate. Paipi imodzi tinakaipeza m'dimba la munthu. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo anatinso safunsa anadya phula. Ife tinafunsa, kuuzidwa, phulalo n'kudyabe.

Ndiye pa khwawa lililonse, ngakhale louma chotani, chitani izi. Funsani anthu atatu osiyana, aliyense payekha, kuti madzi ochuluka kwambiri amene anawaonapo anafika pati, ndipo akulozereni mtengo kapena mwala. Yang'anani zinyalala m'nthambi. Yang'anani miyala ili m'khwawamo: ngati muli miyala yaikulu ngati mbiya, yosalala, dziwani kuti sinabwere yokha. Kenako kwerani kumtunda mukaone dera lonse limene limathira madzi m'khwawalo. Ngati kumtundako mitengo inatha ndi makala ndipo anthu akulima mpaka pamwamba, madzi amene ankatsika tsiku lonse tsopano amatsika pa ola limodzi. Mainjiniya amawerengera kalavati ndi mlatho potengera chigumula cha kamodzi pa zaka 25, 50 kapena 100, malinga ndi kukula kwa chinthucho. Koma amene tinaona namondwe Ana mu January 2022, Gombe mu March chaka chomwecho, ndi Freddy mu March 2023, tiyenera kuwafunsa kuti manambala a mvula amene agwiritsa ntchito ndi a liti. Ngati ndi a m'mabuku akale okhaokha, abwerere akawerengenso. Kwa amene mzere wawo ukudutsa m'mphepete mwa nyanja, kumbukirani kuti mu 2024 nyanja inakwera mpaka kulowa m'nyumba za anthu ndi m'malo ogona alendo.

Ine paipi ya mamilimita 600 pa msewu wa m'phiri sindiifunanso. Ya 900 kukamwa kwake n'kwakukulu kupitirira kawiri, ndipo munthu akhoza kukwawamo ndi fosholo kukachotsa mchenga. Kalavati yoti munthu sangalowemo ndi yoti idzatsekeka basi.

Madzi ena saoneka. M'mbali mwa phiri mukaona pamera bango, nthochi zobiriwira mu October, kapena mikuyu itandandalika mzere umodzi, pansi pamenepo pali kasupe. Mukaona mitengo yopendekeka ngati yaledzera, kapena nthaka yong'ambika ngati masitepe, phirilo likuyenda pang'onopang'ono. Mukadula phazi lake ndi katapila lidzatsika lonse. Malo otere ndi bwino kuwalambalala ngakhale msewu utalike ndi kilomita.

Ndipo pa pulani muonetsetse kuti madzi a pamsewu penipeni ali ndi kolowera. Msewu umamangidwa ngati msana wa nsomba, pakati potukuka, kutsika pafupifupi masentimita 2.5 pa mita iliyonse kupita m'mbali. Ngalande za pa chitunda zikhale zowaka ndi miyala ndi simenti, apo ayi zimasanduka zigwembe. Pamwamba pa malo odulidwa pakhale ngalande ina yotchinga madzi ochokera kuphiri. Funso limene limaiwalika kwambiri ndi lakuti: madzi akatuluka mu kalavati akupita m'munda mwa yani? Ndinaonapo munda wa chinangwa utasanduka phompho zaka zitatu zokha chifukwa cha kalavati imodzi. Kumene madzi akutulukira kuikidwe miyala ya m'mawaya, magabiyoni aja, ndi udzu wa vetiva, mpaka akafike pa khwawa lenileni.

Dothi ndi miyala

Izi ndidutsapo msanga chifukwa ndi za kulabu. Mzere ukasankhidwa, amakumba maenje m'njira monse, akuya kupitirira mita, n'kutenga dothi m'matumba kukaliyeza mphamvu. Katondo ndi dothi la nsangalabwi sizivuta. Makande a m'madambo ndi m'zigwa za kufupi ndi Shire ndi Malombe ndiye mdani: amafufuma kukagwa mvula, n'kung'ambika kukauma, tala n'kumasweka pamwamba. Amayenera kuchotsedwa kapena kukwiriridwa ndi dothi labwino lochindikala. Pamene pakhale mlatho, aboole pansi mpaka apeze thanthwe.

Inu a komiti funsani zinthu ziwiri. Choyamba, dothi labwino, kwale, mchenga ndi madzi omangira zidzachokera kuti? Mtunda wotuta zinthuzi umakweza mtengo wa msewu kuposa mmene anthu amaganizira, ndipo mwini malo okumbidwawo naye ayenera kulipidwa, dzenjelo n'kudzakwiriridwa ntchito ikatha. Maenje osiyidwa amadzadza madzi, ana n'kumakasambamo. Chachiwiri, dothi lodulidwa m'phiri lidzatayidwa kuti? Kontilakitala waulesi amangolikankhira kutsetse. Mvula ikabwera lonse limakathera m'madimba ndi mumtsinje. Malo otayira alembedwe pa pulani ndipo alipiridwe mu kontilakiti.

Manda, minda ndi chipukuta misozi

Msewu sutenga pomwe pali tala pokha. Msewu waukulu, wa chilembo M, malo ake ndi mamita 60, kutanthauza 30 mbali iliyonse kuchokera pakati. Wotsatira wake, wa chilembo S, ndi mamita 36. Tawerengani: mamita 60 pa kilomita imodzi ndi mahekitala 6, pafupifupi maekala 15. Pa makilomita 20 ndi mahekitala 120. M'boma limene kalembera wa 2018 anapeza anthu opitirira 1.1 miliyoni, malo amenewo si tchire lopanda mwini.

Yambani ndi ulemu. Kwa bwanamkubwa, kwa a T/A, kwa a gulupu, kwa a nyakwawa, motsatana choncho. Chikhomo chopakidwa penti yofiira chikangooneka m'munda mwa munthu mfumu isakudziwa, mawa mudzachipeza chitasonkhezeredwa pamoto, ndipo mudzakhala mutayamba ndi mlandu.

Pamsonkhano wa pabwalo anthu adzakuuzani za nyumba, zitsime ndi mitengo ya mango. Pali zina zimene sadzanena pagulu. Malo a ndagala, kumene anyamata amavinidwira, sali pa mapu aliwonse. Manda akale a ana, kapena mtengo umene makolo ankathirapo nsembe, chimodzimodzi. Zoterezi mufunse a mfumu ndi ashehe paseri, mutakhala pansi, osati mutaima ndi kope m'manja. Manda akhoza kusamutsidwa, ndipo boma lili ndi nthambi yoona za zinthu zakale imene imayendetsa zimenezo mogwirizana ndi achibale, koma malangizo anga ndi akuti khotetsani msewu. Kona imodzi yowonjezera ndi yotsika mtengo poyerekeza ndi mtima wa mudzi wonse. Mzikiti ndi tchalitchi chimodzimodzi. M'mapiri athu mulinso zotsalira za malinga a nthawi ya atsamunda, monga Fort Mangochi kwa Jalasi, zimene lamulo limaziteteza.

Tsono pa kalembera wa olandira chipukuta misozi pali msampha umene alendo ambiri amagwamo. Kuno midzi yambiri ndi ya chikamwini. Munda ndi wa mbumba ya mkazi, bambo anangobwera kudzakwatira. Koma wolemba akafika pakhomo n'kufunsa kuti mwini nyumba ndani, amatuluka ndi bambo, n'kupereka dzina lawo. Ndalama zikatuluka, ena amazimiririka nazo ulendo wa ku Joni, mayi n'kutsala ndi ana, munda palibe, ndalama palibe. Ndinaziona ndi maso anga. Limbikirani kuti dzina la mayi lilembedwe, mwini mbumba achitire umboni, ndipo mndandanda uwerengedwe pabwalo anthu onse akumva. Malamulo a malo a 2016, omwe anakonzedwanso mu 2022, amazindikira malo a makolo, choncho munthu asauzidwe kuti sangalandire kanthu chifukwa alibe pepala.

Lengezani tsiku lotsekera kalembera, ndipo katundu yense ajambulidwe mwini wake ataima pambali. Mukapanda kutero, pakutha pa mwezi mudzapeza timanyumba ta zidina tatsopano tandandalika mumzere wa zikhomo ngati bowa, ndi mbande za mango zobzalidwa dzulo. Koma nanunso a boma musalembe anthu n'kusowa zaka zisanu. Munthu woletsedwa kufolera nyumba yake kapena kubzala mtengo kwa zaka zonsezo, n'kudzamulipira mtengo wakale kwacha itagwa kale, mwamubera. Ndalama za chipukuta misozi zikhale m'bajeti kuyambira pachiyambi, ndipo anthu alipidwe katapila asanafike pakhomo pawo.

Nkhalango

Kum'mawa kwa boma lathu kuli nkhalango ya Namizimu ndi nkhalango ya Mangochi. Ya Mangochiyo kuyambira 2018 imayang'aniridwa ndi African Parks limodzi ndi paki ya Liwonde, ndipo njovu zimadziwa njira zake m'menemo. Msewu waukulu watsopano sungayambe popanda kafukufuku wa momwe udzakhudzire chilengedwe ndi anthu, amene pa Chingerezi amamutchula mwachidule kuti ESIA. Amavomereza ndi a MEPA, bungwe la boma loteteza chilengedwe, potsatira lamulo la zachilengedwe la 2017. Ambiri amaona ngati ndi pepala longodindidwa kuti opereka ndalama asangalale. Musalole zimenezo. Kafukufukuyu achitike mizere itatu ija ikadali patebulo, kuti athandize kusankha. Akachitika mzere utasankhidwa kale, amangokhala wopempherera maliro.

Ndipo tinene zoona: walira mvula walira matope. Msewu womwe udzatengere mayi woyembekezera kuchipatala ndi womwewo udzatsitse malole a makala ndi matabwa. Mitengo ikatha kumtunda, makwawa aja amakula, makalavati amene munawerengera amachepa. Ngati mzere wina ukulambalala nkhalango pomwe wina ukuiboola pakati, ine ndimasankha wolambalala ngakhale utalike.

Kutsika ndi koopsa kuposa kukwera

Pojambula, aliyense amaganiza za lole yokwera. Koma imene imapha anthu ndi yotsika. Pa mtsetse wautali mabuleki amatentha mpaka kusiya kugwira. Choncho musaike kona yakuthwa kapena mlatho wopapatiza kumapeto kwa mtsetse wautali. Pamwamba pa phiri pakhale malo oti mathiraki aime, madalaivala aone mabuleki. Pamene zingatheke, pakhale kanjira kothawirako kodzadza nsangalabwi, koti lole yothawa mabuleki ikatitimiremo. Mbali yokwera, pa chitunda chachitali, ikhale ndi mzere wachitatu wa zoyenda pang'onopang'ono, chifukwa woyendetsa minibasi akatopa kutsatira thiraki amadumpha pakona posaona kutsogolo. Makona a chigongono akulitsidwe poganizira thiraki yaitali, imene matayala ake akumbuyo amadula mkati.

Komanso m'munsi mwa chitunda ndi pamene msika umakonda kumera, poti galimoto zimaima pamenepo. Lero palibe kanthu, koma tala akangofika padzakhala okazinga tchipisi, amayi a tomato ndi usipa, ndi akabaza. Akonzereni malo msanga, kumbali, ndi siteji yoti minibasi izipatuka. Ndipo popeza kuno oyenda pansi ndi apanjinga amaposa galimoto kutalitali, mapewa a msewu akhale otakata ndi othiridwa tala. Pa sukulu ndi pa chipatala, mahampu ndi zikwangwani zilembedwe pa pulani pomwepo, osadikira kuti mwana agundidwe kaye.

Ndalama, ndi amene adzakumbe ngalande

Kilomita ya m'phiri ndi yodula kwambiri kuposa ya pachidikha, chifukwa cha kuphwanya miyala, zipupa zotchinga dothi ndi milatho. Ndalama zikachepa, chimene andale amafuna ndi kutalikitsa tala n'kuchepetsa ngalande, poti tala ndi amene amaoneka pa chithunzi. Kanani. Ngati ndalama sizikwana msewu wonse, yambani ndi milatho, makalavati ndi zitunda zovuta, zimenezo zimangidwe zolimba, ngakhale ndi konkire. Kwinako kukhale kwa dothi labwino lotsenderedwa mpaka ndalama zidzapezeke. Msewu wafumbi wokhala ndi milatho yabwino umadutsika chaka chonse. Wa tala wodukapo pamalo amodzi ndi wotsekeka.

Ndondomeko ya ntchito itsate nyengo yathu. Mvula imayamba cha mu November mpaka April, choncho kudula phiri kuyambe mu May, ndipo ngalande ndi udzu zikhale zitatha mvula isanagwe. Phiri losiyidwa lodulidwa theka mu December limadzimalizira lokha ntchitoyo, m'njira yake. Kontilakitala akhale wolembetsedwa ku bungwe la boma loyang'anira ntchito za zomangamanga pa mlingo woyenera ntchitoyo, ndipo mu mgwirizano mulembedwe kuti ntchito zosafuna luso lapadera zipite kwa anthu a m'midzi yomweyo, amayi ali m'gulu.

Funso lomaliza limene ndimafunsa pa msonkhano uliwonse ndi lakuti, adzachotse mchenga m'makalavati mu October ndani, ndipo adzalipidwa ndi ndalama ziti? Ndalama zosamalira misewu zimasonkhanitsidwa ndi Roads Fund Administration kuchokera ku msonkho wa pa mafuta ndi mageti olipiritsa ngati la ku Chingeni, koma misewu yoyembekeza thumba limenelo ndi yambiri. Pulani yanu inene kuti msewuwu ulowa m'kaundula wa yani, ndipo magulu a m'midzi agawiridwe zigawo zawo, kilomita kapena awiri, ndi mafosholo, mawilibala ndi malipiro odziwika.

Mukamapita kukhonsolo ndi pempho lanu, tengani fayilo. Muikemo kope la zodutsa la masiku 7 lija, mapu a mizere itatu ndi zifukwa zimene mwakondera umodzi, mndandanda wa makwawa onse ndi pomwe madzi anafika pa lililonse, mndandanda wa manda ndi malo osakhudzika umene a mfumu asainira, ndi zithunzi za mu January, galimoto ili m'matope mpaka m'zitseko. Zithunzizo mujambule ndi foni yoonetsa tsiku, ndipo fayiloyo muchite fotokope kawiri, ina isungidwe kwa a T/A.